Njinga yanu imakhala pati inu muli pantchito?

Njinga yanga yoyamba inabedwa Lachiwiri, dzuwa likuswa mtengo, mkati mwa mpanda wa kampani imene ndinkagwirako ntchito ku Makata. Ndinkaimangirira ku paipi yotsitsa madzi a padenga, kuseri kwa nyumba yosungiramo zipangizo, ndi kachingwe ka waya kokutidwa ndi pulasitiki wabuluu. Poweruka ndinapeza kachingweko kali pansi, kodulidwa bwinobwino ngati ulusi wa telala, loko wake ali chitsekere. Alonda anali pageti tsiku lonse. Nditawafunsa, wachikulire mwa iwo anandiyankha mofatsa: "Achimwene, njinga zimatuluka pano zambirimbiri. Ife tingadziwe bwanji kuti iyi ndi ya uje, iyi si ya uje?" Ndinapsa mtima, koma madalawo ankanena zoona. Palibe amene anawapatsa njira yodziwira.

Ndaikumbuka nkhaniyi chifukwa opita kuntchito pa njinga yakapalasa mu Blantyre akuchuluka tikuona. Chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kuphatikizapo mizere ya mafuta imene yakhala ikubwerabwera, minibasi ikudya gawo lalikulu la malipiro a munthu wamba. Imani pa Kameza kapena pa Ginnery Corner cha m'ma 6 koloko m'mawa muone: alonda oweruka, amakaniko, ogwira ntchito m'mafakitale a ku Chirimba, onse ali kalikiliki kupalasa. Ndipo mzinda uno sumunyengerera wopalasa. Ndi zitunda zokhazokha, moti wochokera ku Bangwe kapena ku Machinjiri amafika malaya atamata kumsana. Kwa munthu wotere njinga ndi miyendo yake, ndipo kawirikawiri anaigula ndi ndalama ya chipereganyu kapena ngongole ya banki m'khonde imene sanamalize kubweza.

Mabwana ena ayamba kuganizapo, ndipo akafufuza pa intaneti chimene amakumana nacho msanga ndi malokala a njinga. Lokala ndi chibokosi chachitsulo chotalika pafupifupi mamita 2, m'lifupi chosafika mita imodzi, msinkhu wake wolekeza m'chifuwa mwa munthu wamkulu, chokhala ndi chitseko chakechake. Njinga imalowa yonse, pamodzi ndi chipewa, pampu ndi jekete la mvula. Mabokosi ena amagawidwa pakati mopingasa, chitseko uku chitseko uko, kuti njinga ziwiri zigone mosemphanitsa mitu. Ku Ulaya ndi ku America amapezeka m'masiteshoni a sitima ndi m'maofesi. Pachithunzi amakongola zedi. Koma musanalembe kalata yoitanitsa, yambani mwamudziwa wakubayo, chifukwa akuba njinga sali a mtundu umodzi.

Alipo wongodutsa, amene sanachoke kwawo ndi maganizo akuba koma waona njinga ili yokhayokha. Uyu ndi amene amapindula ndi loko wa patayala lakumbuyo, uja amabwera kale ndi njinga zambiri za ku India monga Hero ndi Avon. Loko ameneyu amangoletsa tayala kuzungulira. Njingayo sinamangidwe ku kanthu, ndiye munthu amangoinyamula, kapena kukweza tayala lakumbuyo n'kumaikankha ngati yaphulika chubu, ndipo palibe amamufunsa. Alipo wina amene amayenda ndi zida m'chikwama: pulayala, sowo yodulira zitsulo, chodulira mabawuti, masiku ano ngakhale galayinda ya batire. Wachitatu safuna njinga yonse. Amachotsa chishalo, nyale, belu kapena tayala lakutsogolo, zinthu zimene zikafika pamsika sizidziwikanso mwini wake. Wachinayi ndi amene sitikonda kumutchula: mnzathu wa pantchito pomwepo, kapena wobwera kudzagwira ganyu, yemwe akudziwa kuti mwini njinga satuluka mpaka 5 koloko.

Loko aliyense amangogula nthawi. Kachingwe ka waya ngati kanga kaja kamaduka kamodzi n'kamodzi, mwakachetechete. Tcheni cha chitsulo cholimbitsidwa chimavutirapo. Loko wopindika ngati chilembo cha U ndiye wodalirika kwambiri mwa maloko onyamulika, ndipo chitsulo chake chikafika mamilimita 16 kunenepa, chodulira mabawuti cha pamanja chimalephera. Ku Britain kuli bungwe la Sold Secure limene limayesa maloko powathyola dala n'kuwaika m'magulu anayi, Bronze, Silver, Gold ndi Diamond. Chizindikiro chawo chingakuthandizeni ngati mwapeza loko weniweni, ngakhale kuti pamsika wathu zolembedwa papaketi si zonse zoona. Komabe galayinda imadula pafupifupi chilichonse ikapatsidwa mpata. Chimene imalephera kubisa ndi phokoso ndi moto wothetheka. Phokosolo limathandiza pokhapokha ngati pali khutu pafupi, ndipo apa ndi pamene makampani ambiri amalakwitsa asanagule n'chitsulo chimodzi chomwe.

Malo oimika galimoto ya bwana amakhala pakhomo penipeni, pamthunzi. Njinga amazikankhira kuseri, kufupi ndi dzala kapena jenereta, kumene munthu angagwade n'kumacheka chitsulo kwa mphindi khumi popanda womuona. Ine ndinganene kuti theka la chitetezo cha njinga ndi pamalo pamene yaima. Pakhale pamene mlonda akupaona ali chikhalire m'kanyumba kake, kapena pansi pa mawindo a ofesi imene mumakhala anthu tsiku lonse, pounikira nyale usiku, komanso pasakhale pafupi ndi khoma loti munthu n'kuponyera njinga kunja. Mukaika kutali ndi khomo, antchito sadzapagwiritsa ntchito, adzabwerera kumangirira ku mabagala a pawindo ndi kumitengo.

Mukapeza malo, funso lotsatira ndi chomangirirapo. Pali tizitsulo tina timene amatikonda m'masukulu ndi m'masitolo, tija mumalowetsamo tayala lakutsogolo lokha. Timeneti n'toipa pawiri. Njinga ikakankhidwa, tayala limapindika masipoko n'kuthyoka, komanso loko amangofika patayala, ndiye wakuba amamasula manati awiri ndi sipanala, n'kukusiyirani tayala lanulo. Chabwino ndi chitsulo chopindidwa ngati U wozondotsa, chimene anachipatsa dzina la mzinda wa Sheffield ku England: paipi yonenepa pafupifupi masentimita 5, yoima masentimita 75 kuchokera pansi, miyendo yake itakwiriridwa mu konkire. Njinga imatsamira felemu yonse, ndipo loko amagwira felemu ndi tayala lakumbuyo nthawi imodzi. Chitsulo chimodzi chimasunga njinga ziwiri, uku ndi uku, bola chitalikirane ndi chinzake mita imodzi kuti mahandulo asakolane.

Zimenezi sizifuna kuitanitsa kunja. Pamene anzanga a pantchito imene ndili tsopano anandisankha kuti ndiyendetse nkhaniyi, ndinapita ku Ndirande kwa owotcherera zitsulo, amene amapanga mageti, mawindo ndi mbaula. Ndinajambula pansi ndi kamtengo. Mmisiriyo anayang'ana, n'kutola zidutswa ziwiri za paipi, chimodzi dzanja ili china dzanja ilo. "Bwana, nyamulani izi," anatero. Kunja zinali zofanana, koma china chinali chopepuka ngati bango. "Iyi ndi ya mipando. Sowo imadutsa musanamalize kumwa tiyi. Mukafuna ya njinga, tengani yolemerayi, ndipo ngati mukufuna, mkati tithiramo konkire ndi chitsulo cha lintala, wochekayo atope." Anandiuzanso chinthu chimene sindinkachidziwa, choti paipi yozungulira imaduka mwakachetechete ndi chodulira mapaipi cha mapulambala, pamene ya makona anayi chidacho sichizungulira. Tinasankha ya makona anayi. Miyendo tinaikwirira masentimita 30 mu konkire, chifukwa chitsulo chongomangidwa ndi mabawuti pamwamba pa simenti chimamasulidwa ndi sipanala yomweyo, pokhapokha mutawotcherera mitu ya mabawutiwo.

Zitsulo zoterezi mukazizunguliza ndi mpanda wa waya, pamwamba n'kufolera ndi malata, mwapanga khola la njinga. Kwa makampani ambiri a mu Blantyre, khola ndi limene ndingalimbikitse kuposa malokala, ndipo chifukwa choyamba ndi masamu a malo. Malo oimikapo galimoto imodzi amakhala pafupifupi mamita 2.5 m'lifupi ndi mamita 5 m'litali. Pamenepo mungaike zitsulo zinayi kapena zisanu, njinga 8 mpaka 10. Malokala pamalo omwewo angakwane asanu basi, ndipo kutsogolo kwake kumafunikanso mpata wa mamita awiri woti chitseko chitseguke, njinga ituluke chafutambuyo. Fakitale ya opalasa 60 ingafune bwalo lonse. Ngakhale ku Netherlands, kumene njinga ndi moyo wa tsiku ndi tsiku, malo aakulu a pa siteshoni ya Utrecht, amene anamalizidwa mu 2019 ndipo amasunga njinga zoposa 12,500, sanadzaze mabokosi ayi. Njinga zimaima pazitsulo m'nyumba imodzi yokhala ndi oyang'anira pakhomo.

Waya wa kholalo musasankhe wa dayamondi uja timatchingira nkhuku ndi dimba, chifukwa pulayala wamba imaudula. Pamafunika waya wowotcherera wa timabowo ting'onoting'ono toti chala kapena mano a chodulira asalowe, kapena zitsulo zoimirira ngati za mabagala. Khola lifike mpaka kudenga. Ndipo mkati mwa khola aliyense azimangabe njinga yake, pakuti kiyi wa chitseko ali ndi anthu ambiri.

Tsono malokala ali ndi malo ake, ndipo sindikuwanyoza. Namwino kapena wotsuka m'chipatala amene amagwira usiku wonse, njinga yake ili pabwalo limene anthu achilendo amalowa ndi kutuluka mosalekeza, akufunika bokosi. Chimodzimodzi wa m'fakitale wa shifiti ya usiku, woyendetsa lole amene amasiya njinga masiku atatu ali ku Beira kapena ku Nacala, ndi wa muofesi za m'tauni monga za mu Victoria Avenue, zimene zilibe mpanda wakewake. Njinga yodula kapena ya batire nayonso imakopa maso, ndipo ubwino waukulu wa lokala ndi woti wakuba saona chimene chili mkatimo, komanso sangachotse chishalo kapena nyale. Kampani yanzeru ingamange khola la onse, n'kuika malokala ochepa pambali a anthu oterewa.

Posankha lokala, yambani ndi tepi yoyezera, ndipo muyeze njinga zimene antchito anu amakwera, osati za m'kabuku ka wogulitsa. Malokala ambiri a kunja anapangidwira njinga zopyapyala za masewera. Zathu kuno ndi zazitali, za mahandulo otambalala, zokhala ndi kaliya wamkulu, ena anachita kuwotchereratu wina wa kabaza wokhala ndi khushoni ndi zopondapo. Njinga ya Buffalo, imene kaliya wake anamupanga kuti azinyamula makilogalamu 100, payokha imalemera kuposa makilogalamu 20. Malokala oimika njinga chilili, oti mukweze tayala lakutsogolo n'kulikoleka m'mwamba, angosanduka chizunzo kwa mayi amene wafika atatopa ndi chitunda cha ku Soche. Tengani njinga yaikulu kuposa zonse pantchitopo, muilowetse, mutseke chitseko.

Kenako gwadani muone chitsekocho, chifukwa mabokosi amathyoledwa pachitseko. Dinikizani pakati ndi bondo. Chikabonyoka ngati lata la padenga, nkhwangwa kapena chitsulo chotsegulira matayala chidzachipinda. Onani mpata wa pakati pa chitseko ndi mphuthu yake: ngati nsonga ya sikuludiraiva ikulowa, chitsulo chachikulu chidzalowanso. Mahinjesi akhale mkati, kapena akhale oti msomali wake sungagogodedwe n'kutuluka. Ndaonapo mabokosi okhala ndi loko wamkulu ngati chibakera, koma mahinjesi ake ali panja, omangidwa ndi masikuluwu anayi. Chitseko chabwino chimagwira malo atatu, pamwamba, pakati ndi pansi. Ngati ndi cha loko wokoleka, lokoyo abisike m'kabokosi kachitsulo, monga amachitira pa makontena ndi pazitseko za magolosale, kuti chodulira chisapeze pogwira. Bokosi lonselo limangidwe ku konkire ndi mabawuti a mkati, apo ayi anyamata anayi angalipendeketse n'kutulutsira njinga kunsi. Mkatimo mukhalenso mphete yachitsulo yomangirirapo felemu.

Nyengo yathu nayo ili ndi zonena. Kuyambira Novembala mpaka Epulo madzi a mvula amathamanga m'zitunda za mzinda uno ngati mtsinje, choncho konkire yokhalapo mabokosi ikwere pang'ono ndipo ipendekere kunja kuti madzi asadikhe mkati. Chitsulo chomizidwa mu zinki chimapirira dzimbiri zaka zambiri, pamene chopakidwa penti chabe chimafuna penti yofiira yapansi ndi kupakanso kawirikawiri, makamaka m'mowotcherera. Mu Okutobala bokosi lachitsulo lokhala padzuwa limasanduka uvuni, zimene si zabwino kwa matayala, ndipo kwa batire ya lithium n'zoopsa. Nthawi ya chiperoni, jekete lonyowa likatsekeredwa mopanda mpweya limachita nkhungu. Pakhale timabowo topitira mpweya m'mwamba ndi m'munsi. Timabowo tomweto timathandiza alonda kusuzumira, chifukwa tinene zoona, bokosi lotsekeka la mkati mwa fakitale lingasandukenso mobisa katundu wa kampani, ndipo abwana akangogwira mmodzi, malokala onse adzatsekedwa.

Nkhani imene imagwetsa mapulani ambiri ndi ya makiyi. Walira mvula walira matope: mukaika malokala, mwadzipatsa ntchito yowayang'anira. Njira yosavuta ndi yoti aliyense abwere ndi loko wake. Kampani sisunga kiyi, ndiye palibe wonamiziridwa, koma ena adzagula maloko otchipa oti amatseguka ndi kiyi wa mnzake, ndipo wina akasiya ntchito amapita ndi kiyi, bokosi n'kukhala chitsekere miyezi. Njira ina ndi yoti kampani igule maloko, ipereke kiyi kwa munthu aliyense posainira, n'kusunga kiyi wotsegula onse. Iyi imayenda bwino ngati kiyi wamkuluyo ali m'sefa, ndipo potsegula bokosi la munthu pamakhala anthu awiri ndi kulemba m'buku. Akangokhala m'thumba la munthu mmodzi, tsiku lobedwa njinga dzina lake ndi limene lidzamveke, kaya walakwa kaya sanalakwe. Aliponso maloko a manambala, a khadi ndi a pafoni. Amathandiza chifukwa amasunga mbiri ya amene watsegula ndipo wochoka ntchito mumangomufufuta, koma mufunse mafunso atatu musanagule: magetsi akazima chitseko chimatani, batire ikatha pali kiyi wapamanja, ndipo chikawonongeka adzakonze ndani mu Blantyre muno. Wogulitsa akayankha kuti chipangizo chidzachokera ku Johannesburg, dziwani kuti njinga ya munthu idzagona m'bokosi milungu.

Palinso vuto la bokosi lopatsidwa kwa munthu amene amapalasa kamodzi pa mlungu, pamene wopalasa tsiku ndi tsiku akumangirira kumtengo. Muzigawa kwa miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi, n'kuonanso amene akugwiritsadi ntchito.

Tibwerere kwa madala a pageti aja. Funso lawo lili ndi yankho lotchipa kuposa chitsulo chilichonse, ndipo tonse timalidziwa kuchokera m'masitolo akuluakulu momwe timasiya zikwama pakhomo n'kulandira kakhadi ka nambala. Njinga iliyonse ikhale ndi nambala yake yopachikidwa, mwini wake akhale ndi inzake m'thumba, ndipo njinga isatuluke pageti manambala asanafanane. M'buku la pageti mulembedwe dzina, mtundu wa njinga, ndi nambala ya felemu. Nambala imeneyi imadindidwa pachitsulo, kawirikawiri kunsi kwa felemu pamene pamazungulira mapedulo, ndipo njinga zina zili nayo pansi pa chishalo. Tembenuzani njinga, pukutani matope, jambulani ndi foni, sungani pamodzi ndi lisiti. Ine nditapita kupolisi ndinalibe chilichonse mwa izi, ndinangoti "yakuda, ya kaliya," ndipo njinga zakuda za kaliya mu Blantyre n'zosawerengeka. Kamera imathandiza ikaloza pachitseko cha khola ndi pageti pa msinkhu woona nkhope, ikakhala ndi batire yoisunga magetsi akazima, komanso ngati pali woiyang'ana zithunzi zisanafufutike zokha. Mlondayo naye auzidwe momveka kuti njinga zili m'gulu la zimene akulondera, osati galimoto zokha.

Chotsala ndi kugwirizana poyera kuti njinga ikasowa m'khola kapena m'bokosi la kampani zidzatha bwanji. Makampani ambiri amangokhoma chikwangwani chakuti katundu aliyense ali m'manja mwa mwini wake. Komiti ya antchito ikhale pansi ndi mabwana, afunse ngati inshulansi ya kampani kapena mgwirizano wake ndi kampani ya alonda ukukhudza njinga za antchito, ndipo chimene agwirizane chilembedwe. Zikasiyidwa m'malere, mlandu umagwera wochepa mphamvu, amene nthawi zambiri ndi mlonda, n'kumudula malipiro ake ochepawo.

Kwathu tinamaliza ndi zitsulo 12 pansi pa malata, moyang'anizana ndi kanyumba ka pageti, ndi mabokosi atatu a anzathu a usiku amene anawotcherera mmisiri wa ku Ndirande yemwe uja. Bokosi loyamba tinalibweza chifukwa njinga ya mnzathu wina, ya kaliya wa kabaza, inatsala kunja masentimita 10. Manambala tinadula pa chigubu chakale cha mafuta ophikira n'kulemba ndi penti. Yanga ndi 17, ndipo dzulo nditaiwala kakhadi kanga m'thumba la ovolosi, amayi a pageti anagwira handulo n'kunena kuti, "Bambo, bwererani mukatenge. Njinga iyi sindikuidziwa."